Achemwali a ku Mufakose, musagule anthu

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, achemwali. Mwati mumajambula zophikaphika, muli ndi ma subscriber (anthu olembetsa kutsatira tchanelo yanu) 640 pa YouTube, ndipo mnyamata wina wakulonjezani kuti mukampatsa madola 20 akufikitsani pa 1,000 sabata isanathe. Ndiye mukufunsa kuti ndalama zimayamba liti, komanso ngati mungagule.

Ndinaseka ndekha m'kombi, kuseka kwa manyazi. Ndalama yangati imeneyo inetu ndinalipirapo.

Ine ndinayamba ndi kujambula agogo anga aamuna ku Mbare. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, kudzera ku Tete, n'kufika kuno ku Harare mzinda uno ukutchedwa Salisbury, ndipo sanabwererenso. Ndinkatsamiritsa foni pa chitini cha shuga, iwo ali pampando wawo wa pakhonde. Sankayamba kulankhula tiyi asanafike. Akamwa kawiri, kukhosomola pang'ono, ndiye nkhani zinkatuluka: za kumafamu a fodya, za kukhitchini kwa azungu, za mmene machona ankasonkhera ndalama mnzawo akamwalira kuti asaikidwe ngati wopanda abale. Pena ankaima pakati pa nkhani n'kundifunsa, "Kodi kanthu kakoka kakumvabe?"

Oonera anali ochepa, koma anali anthu enieni. Zidzukulu za machona ku Highfield, ku Dzivarasekwa, ku Epworth, ena ali ku Johannesburg. Ambiri ankalemba m'Chishona, kupempha kuti ndiwamasulire mawu ena, poti Chichewa chinathera kwa agogo awo. Mayi wina analemba kuti analira atamva mawu akuti "nkhuli", chifukwa bambo ake ndi amene ankawanena. Koma ine, m'malo mosangalala, maso anali pa nambala. M'mawa nambala, usiku nambala. Itaima malo amodzi mwezi wathunthu, ndinapita m'tauni kwa mnyamata wina wokonza mafoni, amene anzanga ankati amadziwa njira.

M'mawa mwake nambala inali itadumpha. Ndinayenda mothimbwidzika tsiku lonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu atsopanowo sankaonera kanthu, sankalemba kanthu, mayina awo ngati munthu wangogwetsera chala pa kiyibodi. Pasanathe milungu ingapo nambala inayamba kutsika yokha, mpaka kubwerera pomwe inali. Foni ya mnyamata uja inali yozima. Ndipo ndinapulumuka mwamwayi, chifukwa malamulo a YouTube amaletsa kugula otsatira, moti tchanelo ikhoza kutsekedwa.

Chimene ogulitsawa sakuuzani n'chakuti 1,000 ija ndi theka chabe la zimene YouTube imafuna kuti iyambe kukulipirani. Pamafunikanso maola 4,000 oti anthu aonere mavidiyo anu m'miyezi 12 yapitayo. Tawerengani: amenewo ndi mamineti 240,000. Ngati munthu aliyense akhala mamineti 4 pa vidiyo yanu, ndiye kuti pakufunika kuonera ka 60,000. Nanga munthu wogula, amene kulibeko, aonera ndi maso ati? Ndipo anthu athu kuno amaonera akuwerengera data. Akakupatsani mamineti 4, wakupatsani ndalama ya m'thumba mwake. Ine mpaka pano ndimakweza mavidiyo usiku, foni nditatchaja masana kwa aneba a sola magetsi akathima, ndiye ndimadziwa kuwawa kwake.

Ndinene mosabisa: wogulitsa ma subscriber ndi wakuba basi, ndipo mnzake ndi uja amatenga mavidiyo a ena n'kuika pa tchanelo yake. Ameneyu amandinyansa kwambiri. Akatenga nyimbo ya woimba wa kumudzi, aika chithunzi chimodzi, basi akuti ndine wopanga mavidiyo. Ukakwanitsa manambala n'kupempha kulowa mu YouTube Partner Program, ndondomeko imene YouTube imalipirira opanga mavidiyo, tchanelo yako amayamba aiunika kaye, ndipo zobwerezabwereza kapena zotola kwa ena popanda kuwonjezerapo chako amazikana. Manambala okwana, koma khomo lotseka.

Poti ndayamba kale, ndimalize. Anyamata ena akumathamangira pamaliro ndi mafoni m'mwamba gule akatuluka, ena mpaka kuzemberera kudambwe, ati anthu amakonda zoopsa. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, inde, koma zimenezo sizinasandutse maliro a munthu kukhala msika. Kuno anzathu achishona ambiri amawadziwa kale "zvigure" ngati choopsezera ana, ndiye ife eni ake tiziwonjezeranso pomwepo chifukwa cha madola? Pemphani kwa akuluakulu. Akakana, bwezani foni m'thumba. Pepani achemwali, inu mumaphika, izi sizikukhudzani, koma zinali pakhosi.

Tsono manambala ake

Kuti muzilandira gawo la ndalama za otsatsa malonda: ma subscriber 1,000 ndi maola 4,000 aja, kapena ma subscriber 1,000 ndi kuonera ka 10 miliyoni pa Shorts (timavidiyo tatifupi) m'masiku 90. Nthawi imene anthu amathera popalasa ma Shorts siilowa mu maola 4,000. Mu 2023 anatsegulanso khomo laling'ono m'mayiko ena: ma subscriber 500, mavidiyo atatu m'masiku 90, ndi maola 3,000 kapena kuonera ka 3 miliyoni pa Shorts. Limenelo limalola kuti oonera azikupatsani kangachepe okha, osati za otsatsa malonda. Tsegulani YouTube Studio, pulogalamu yoyendetsera tchanelo, pomwe alemba Earn, muona chimene chakutsegukirani. Zimbabwe ili pamndandanda wa mayiko ololedwa. Pasakhale chilango cha kuphwanya malamulo pa tchanelo, muyatse 2-Step Verification (chitetezo chachiwiri polowa mu akaunti), ndipo mukhale ndi akaunti ya AdSense yolandirira ndalamazo, imene imafuna zaka 18. Mukalowa, pa mavidiyo aatali mumatenga 55 peresenti, pa Shorts 45 peresenti, ndipo salipira mpaka zitakwana madola 100. Fomu ya msonkho wa ku America mudzaidzaze, osaizengereza, apo ayi adzakudulani zambiri.

Chimene palibe anandichenjeza ndi kalata. Ndalama zikafika madola 10, a AdSense amatumiza nambala yachinsinsi papepala, kudzera pa positi, kuti atsimikize keyala yanu. Ine ndinalemba keyala ya nyumba imene ndinkachita lendi, kenako ndinasamuka. Ndinadikira, kudikira, mpaka ndinapita kwa eni nyumba akale aja. Mayiwo anakumbukira kuti inabweradi kalata "ya chizungu", n'kuyamba kufufuza. Tinaipeza pansi pa wailesi, pamodzi ndi makadi a ukwati ndi malisiti a madzi, ili ndi chizindikiro cha kapu ya tiyi pamwamba. Choncho lembani keyala ya munthu amene sasamukasamuka, ngakhale ya amayi anu.

Ndalama yanga yoyamba sinali yoti n'kuuza anthu. Otsatsa malonda amalipira mosiyana malinga ndi kumene oonera ali, ndipo a ku London amabweretsa zambiri kuposa a ku Mbare. Ndinagulira agogo shuga, masamba a tiyi ndi jekete la pa kaunjika. Anafunsa kuti ndani walipira. Nditati anthu amene amamvera nkhani zawo, anangoti, "Ndiye uwauze abwere ndiwauze bwinobwino."

Mavidiyo anu ndawaonera atatu. Ya chigumu ija ndaimaliza yonse, ndipo ndinakonda pamene munakaniza mwana kutsegula mphika nthawi isanakwane. Koma mu ya thobwa wailesi ikulira kumbuyo, nyimbo ikumveka bwinobwino. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira nyimbo za eni ake, ndipo ndalama ya vidiyo yotere ikhoza kupita kwa mwini nyimbo, inu mwatuluka thukuta pachabe. Muzizimitsa wailesi musanayambe kujambula. Madola 20 aja muonjezere mugule kamaikolofoni kokolowekera pa bulauzi, chifukwa pamene mukufotokoza za chimera mawu anu akumira m'phokoso la mphika.