Jambulani chipinda chimodzi cholimba, osati tenti

Achemwali, mwafunsa ngati pa ntchito yanu ya kusukulu mujambule matenti kapena tinyumba ta malata ta anthu obwerera ku Mocímboa da Praia, tauni ya m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique ija asilikali a Mozambique ndi Rwanda adailanda m'manja mwa zigawenga mu Ogasiti 2021. Ine ndakalamba ndi njerwa konkuno ku Harare, ndiye ndiyankha ngati mmisiri.

Mawu oti "pongoyembekezera" musawakhulupirire. Kwerani kombi mukaone ku Hopley, m'mphepete mwa Harare. Anthu adawatula kumeneko mu 2005, boma la Zimbabwe litawagwetsera nyumba pa ntchito ija yotchedwa Murambatsvina, ndipo ana obadwira komweko lero ndi akuluakulu. Kwathu ku Dowa, msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka udatsegulidwa mu 1994, mpaka pano uli ndi anthu oposa 50,000. Tenti dzuwa limaidya, ikang'ambika mwini wake akadali momwemo.

Komanso wobwerera kwawo si mlendo. Ali ndi malo ake, mwina ndi chipupa chotsala, mtengo wa mango, manda a makolo chapafupi. Musamuike pamzere kunja kwa tauni. M'mangireni chipinda chimodzi pamalo pake pomwepo, maziko okwera kuti madzi asalowe, ndipo pangodya musiye mano a njerwa kuti akapeza kangachepe adzalumikize china. Zidutswa za nyumba zogumuka musataye, zimadzaza maziko. Koma khasu lisakhudze nthaka akatswiri ochotsa mabomba asanadutsepo, ndipo mafumu ndi anansi ayambe atsimikiza kuti malowo ndi a yani, chifukwa ena akabwerera amapeza munthu wina atakhalamo kale.

Muyezo wa Sphere, womwe mabungwe othandiza amatsata, umati munthu mmodzi apeze masikweya mita osachepera 3.5 pansi pa denga. Banja la anthu 6 ndiye 21. Pamenepo ikani chotchinga pakati, makolo asagone poonekera ndi ana osinkhuka, ndi khonde lophikira kuti utsi usadzaze m'nyumba.

Dengalo ndiye mulisamale. Uko n'kunyanja, mchere umachititsa dzimbiri malata opepuka, ndipo namondwe Kenneth adasasula madenga ambiri m'chigawo chomwecho mu Epulo 2019. Mitengo ya denga muimange ndi waya wolowa m'chipupa, misomali yokha siigwira.

Chimene ophunzira ambiri amaiwala pa pepala ndi chimbudzi ndi madzi. Ife tidaika maliro a kolera ku Budiriro ndi ku Glen View, madera a konkuno ku Harare, mu 2008, kenako mu 2018, ndipo zimandiwawabe. Chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20, madzi akhale malita 15 pa munthu patsiku, chitsime chitalikirane ndi dzenje. Chitseko cha chimbudzi chikhale chotsekera mkati, ndipo njira yake ikhale ndi nyali ya sola, amayi ndi atsikana azitha kupitako usiku.