Laisensi ya ku Joni sigwira ntchito ku Limbe

Mayi wina wa ku Limbe wandilembera imelo. Akuti kampani ina ya ku South Africa yogulitsa inshulansi ya maliro ikufuna iye akhale ejenti wawo kuno, azilemba anthu ndi kutolera ndalama za pamwezi. Atafunsa za chiphaso anamutumizira chithunzi cha laisensi ya kwawo komweko, n'kumuuza kuti imeneyo ndi yokwanira. Funso lake ndi loti kodi n'zoona.

Achemwali, nditawerenga imelo yanu ndinasiya kapu ya tiyi mpaka inazizira, chifukwa pepala ngati lomwe mukunenalo ndili nalo mpaka lero, lili mu Baibulo la malemu mayi anga.

Ndinakhala ku Johannesburg zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuyendetsa kagalimoto konyamula buledi. Aliyense amene anakhalako ku Joni akudziwa mantha amene timagona nawo. Si apolisi okha ayi. Ndi lamya ya pakati pa usiku yochokera kumudzi, iwe m'thumba muli mbee. Ndiye bambo wina wa kumpingo kwathu, munthu waulemu wake, wovala jekete ngakhale kutenthe, atabwera ndi mafomu, sindinavute. Anati ndikamapereka R150 pamwezi, tsiku limene mayi adzatisiye ku Ntcheu kudzabwera ndalama ya bokosi, ya chakudya ndi ya basi yanga yomwe. Ndinasaina titakhala pa benchi panja pa tchalitchi. Zaka zitatu ndinapereka osadumphitsa, mwezi wina ndinachita kubwereka kwa mnzanga wa ku Zimbabwe amene tinkagona nyumba imodzi.

Mayi anamwalira mu July 2019, kukuzizira koopsa. Ndinaimbira bambo aja ndili pa siteji ya mabasi ndipo anandipepesa bwino kwambiri, mpaka anandipempherera pa lamya. Ndinadutsa Beitbridge, ndinadutsa Nyamapanda, lamya ili zii. Pofika pa Zobue nambala yawo inali yosapezeka. Kumudzi ndinapeza amalume atakonza kale zonse, atagulitsa mbuzi zitatu kwa munthu wa kanyenya pamtengo wongotaya, bokosi atatenga pa ngongole kwa kalipentala wa pa msika. Palibe anandifunsa kanthu. Ndi zimenezo zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali nditawauza onse kuti za maliro a mayi asadere nkhawa, mwana wawo wa ku Joni anakonza kale. Usiku pa siwa, azimayi akuimba m'nyumba, ine ndinali kuseri kwa khola ndikuimba nambala yakufa ija mobwerezabwereza.

Nditabwerera ku Joni ndinakafika pa ofesi ya eni mafomu aja, kachipinda kapamwamba pa sitolo ya mafoni. Mtsikana amene ndinamupeza anatenga pepala langa, n'kulitembenuza, n'kundilozera timawu ting'onoting'ono ta kumbuyo. Timati wotetezedwayo ayenera kukhala wokhala mu South Africa. Mayi anga sanawolokepo ngakhale malire a Mwanza. Ndipo pamzere pamene pamayenera kulembedwa dzina la kampani yeniyeni ya inshulansi imene imaimira ndalamazo, panalibe chilichonse. Zaka zitatu ndinkathira madzi m'dengu.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga malamulo a zimenezi ngati wophunzira uloya, ndipo ndinazindikira kuti ndinali wopusa pa chinthu chapafupi. Inshulansi si katundu woti umugwire ngati thumba la feteleza. Ukugula lonjezo la munthu woti adzakupatsa ndalama tsiku limene iweyo udzakhale wofooka kwambiri moti sungamenyane naye. N'chifukwa chake maiko salola aliyense kumangogulitsa malonjezo amenewa, ndipo dziko lililonse limafuna kuti wogulitsayo akhale poti dzanja la boma lake likhoza kumufika.

Anthu amaganiza kuti ndi nkhanza za maiko osauka, kapena nsanje. Ayi ndithu. Ku America, dziko limodzi lomwelo, kampani ya ku Texas siingangoyamba kugulitsa inshulansi ku California popanda chilolezo cha California. Lamulo lawo la McCarran-Ferguson la 1945 linasiya ntchito yoyang'anira inshulansi m'manja mwa chigawo chilichonse pachokha. Chinandiseketsa n'chakuti m'malamulo awo kampani yochokera ku chigawo choyandikana nacho amaitchula kale kuti yakunja, ndipo yochokera ku dziko lina ali nalo dzina lakelake. Tsono ngati anthu a ndalama imodzi, mbendera imodzi, amafunsana mapepala chonchi, ife tikhulupirire chithunzi cha pa WhatsApp chifukwa chiyani?

Ngakhale oyendetsa mathiraki amadziwa zimenezi kuposa ophunzira ambiri. Yellow Card, inshulansi ya galimoto yowolokera malire ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, imakuteteza ku Zambia, ku Zimbabwe, ku Tanzania, chifukwa maikowo anakhala pansi n'kugwirizana, ndipo m'dziko lililonse muli ofesi yoyankha pakachitika ngozi. Pepalalo silidziyendera lokha, kumbuyo kwake kuli pangano la maboma. South Africa siili mu COMESA, iwo ali ndi thumba lawo la ngozi za pamsewu limene ndalama yake amaidula pa mtengo wa mafuta. Ndikuchoka pa nkhani, koma mfundo ndi yomweyo: pepala la dziko lina limagwira ntchito pokhapokha ngati pali lamulo lolilandira.

Ndipo musandimve molakwa, sindikudana ndi makampani akunja. Alipo ambiri kuno ndipo ena akugwira ntchito bwino. Old Mutual kwawo ndi ku Cape Town. Britam ndi ya ku Nairobi, ndipo inalowa m'Malawi itagula Real Insurance mu 2014. NICO yomwe, kampani ya kuno imene inayamba mu 1971 n'kukhala kampani yoyamba pa msika wa masheya wa Malawi mu 1996, ili ndi eni masheya ena ochokera kunja. Koma taonani mmene onsewa analowera. Palibe anatumiza mafomu kwa mayi wa ku Limbe kuti azitolera ndalama pa Airtel Money. Ali ndi makampani olembetsedwa kuno, maofesi oti ungagogode, mabwana oti khoti la ku Blantyre lingawaitane. Analowera pakhomo. Amene akukunyengererani inuyo akufuna kulowera pawindo, ndipo akufuna inuyo muwagwirire makwerero.

Ndinene mosabisa, ndipo ena akwiya: ejenti wotero si wongonamizidwa chabe, ndi gawo la msamphawo. Bambo a jekete aja mwina sankadziwa, ndimayesetsa kuwakhululukira. Koma ine sindinakhulupirire kampani, ndinakhulupirira iwowo, chifukwa tinkaimba nawo kwaya imodzi. Makampani oterewa safuna nzeru zanu, achemwali. Akufuna nkhope yanu, mbiri yanu ya kumpingo ndi ku banki m'khonde. Tsiku la maliro anamfedwa sadzakwera basi kupita ku Johannesburg. Adzabwera pakhomo panu.

Zimene lamulo la kuno limafuna

Malamulo awiri ndiwo akugwira nkhaniyi, la inshulansi (Insurance Act) ndi la ntchito za zachuma (Financial Services Act). Amene amapereka ziphaso ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kampani iliyonse yofuna kuchita bizinesi ya inshulansi m'dziko muno, yakuno kapena yakunja, iyenera kukhala ndi chiphaso chochokera kumeneko. Amayang'ana mpamba umene yaika, amafufuza eni ake ndi mabwana ake ngati ali anthu oyenera kusunga ndalama za anthu, amafuna ndondomeko ya bizinesi, komanso kudziwa kuti ikadzagwa m'mavuto aakulu idzatsamira ndani. Pomalizapa ndi pamene makampani ngati Africa Re ya ku Lagos ndi ZEP-RE ya ku Nairobi amalowera, iwo amateteza makampani anzawo osati munthu wamba. Inshulansi ya moyo ndi ya katundu amazilekanitsa, n'chifukwa chake mumamva NICO Life payokha, NICO General payokha.

Pali china chimene anthu amaiwala. Ngati lonjezo lili mu ma rand koma anthu anu akupereka makwacha, ndani adzasenze kusiyanako? Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Taganizirani mukufotokozera agogo a ku Bangwe kuti ndalama yawo ya pamwezi yakwera usiku umodzi chifukwa cha zimenezo. Nanga ndalama zotolerazo zizituluka bwanji m'dziko muno, pamene kutumiza ndalama kunja kuli ndi malamulo ake? Akakuuzani kuti muzipatsira madalaivala a mabasi, dziwani kuti mlandu wachiwiri ndi umenewo.

Ku South Africa komweko si kotayirira monga ndinkaganizira. Lamulo lawo la inshulansi la 2017 linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2018, ziphaso za makampani amapereka ndi bungwe la boma la Prudential Authority, ndipo bungwe lina la boma la FSCA limayang'anira mmene akuchitira ndi makasitomala. Ogulitsa ovomerezeka amakhala ndi nambala ya chiphaso, yotchedwa FSP, imene munthu akhoza kuifufuza pa intaneti. Ndikanachita zimenezo pa benchi paja, zikanatenga mphindi zisanu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya ndithu.

Yankho lanu ndi lakuti ayi, laisensi ya ku South Africa siikwanira kugulitsira inshulansi ku Limbe. Inunso monga ejenti mumafunika chiphaso chanu cha kuno. Musanasaine kapena kulandira tambala ya munthu, afunseni dzina la kampani ya m'Malawi imene ikuimira mgwirizanowo, ndipo akupatseni molemba. Kenako tengani dzinalo mupite nalo ku Reserve Bank, ku Blantyre ofesi ilipo, mukafunse ngati ili pa mndandanda wa makampani ovomerezeka. Akayamba zoti mapepala ali m'njira, auzeni kuti inunso mudikira m'njira momwemo.

Ngongole ya kalipentala ija ndinamaliza kubweza mu February chaka chotsatira. Mbuzi za amalume ndabweza ziwiri, yachitatu akumandikumbutsabe tikakumana pa maliro.