Achemwali, musamupatse kaye ndalama wopentayo

Ndawerenga funso lanu kawiri. Mwati nyumba yanu ya ku Area 25 anamaliza kuimata pulasitala masabata awiri apitawo, ndipo mwapeza wopenta amene akuti amaliza zipinda zonse m'masiku atatu, bola mumupatse theka la ndalama tsopano, penti akagula yekha. Mukufunsa ngati muvomere, komanso mmene mungasamalire makoma ntchito ikatha. Ine ndikuti yembekezani kaye. Munthuyo sindikumudziwa, mwina ndi wa luso ndithu, koma masabata awiriwo ndi masiku atatuwo zandidetsa nkhawa.

Simenti imafuna masiku 28 kuti ikhwime bwino. Khoma limanyenga, limaoneka louma pamwamba pomwe m'kati muli madzi. Mukalitseka ndi penti madzi aja amafunabe potulukira, ndiye penti imatupa ngati matuza a moto, kenako imasendeka. Nthawi zina pamatuluka ufa woyera ngati mchere, umene umakankha penti kuchokera pansi. Pano tili mu Novembala, mvula yayamba, makoma amauma mochedwa kuposa mu Ogasiti kapena Seputembala. Yesani nokha: dulani kachidutswa ka pulasitiki, mukamate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, musiye maola 24. Mukapeza timadontho kuseri kwake kapena khoma lada pamenepo, sinakwane nthawi.

Ndikunena izi chifukwa zinandigwera ku Machinjiri. Ndinkathamangira kuti ndisiye kulipira lendi, ndipo wopenta anandiuza kuti palibe vuto. Nyumba inawala, anthu odutsa ankaima kuiyang'ana. Itatha mvula ya chaka chomwecho, khoma la kuchipinda kwa ana linali litasendeka kuyambira pansi mpaka m'mawondo. Tinapala zonse, ndinagulanso penti, ndinalipiranso munthu wina. Zimandipwetekabe ndikakumbukira ndalama imeneyo.

Wopenta weniweni amathera masiku ambiri asanatsegule n'komwe chidebe cha mtundu umene mwasankha. Amakhula khoma ndi sandipepa, kutseka ming'alu ndi fila, kudikira kuti fila aume, kukhulanso, kupukuta fumbi. Kenako amapaka pulaima wa pulasitala watsopano, amene amateteza penti kuti simenti isaidye. Pamwamba pake ndi pamene pamabwera penti yeniyeni, kawiri. Ya madzi, ija timati PVA, imafuna maola pafupifupi anayi musanabwereze. Ya mafuta, ya pazitseko ndi mafelemu, imafuna kugona usiku wonse. Werengetserani nokha ngati nyumba yathunthu ingathe m'masiku atatu popanda kudumpha china. Chimene amadumpha kawirikawiri ndi pulaima, poti mwini nyumba sangaone kuti mulibe.

Mukakumana naye, mufunseni funso limodzi ili: bambo, tsiku loyamba muchita chiyani? Akayankha za kukhula ndi kutseka ming'alu, khalani naye pansi mukambirane. Akayamba ndi kukufunsani mtundu umene mukufuna, samalani. Mupempheni akuonetseni nyumba imene anapenta zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, osati ya mwezi watha, chifukwa penti yatsopano iliyonse imakongola. Pitani mukaione ndi maso, mukalankhule ndi eni ake iye ali potero. Ena ali ndi mapepala a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, n'zabwino, koma alipo amisiri ambiri aluso amene anaphunzirira pa ntchito, ndiye khoma lakale lija ndi limene lingakuuzeni zoona.

Penti mukagule nokha, kapena mupite naye limodzi kusitolo, zidebe zifike pakhomo zisanatsegulidwe. Chinyengo chodziwika ndi kuthira madzi ambiri kuti chidebe chimodzi chigwire ntchito ya ziwiri. Khoma lotero mukalikhudza limasiya ufa m'manja ngati laimu. Madzi pang'ono amaloledwa, koma muyeso wake unalembedwa pa chidebe, muwerenge. Kuwerengera penti sikovuta. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 pa khoma losalala. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.7 kukwera chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 34 mukachotsa chitseko ndi zenera. Kupaka kawiri ndi 68, ndiye malita 7 mpaka 9 akwanira. Chidebe cha malita 20 chikuyenera kutha zipinda ziwiri zotere n'kutsalako. Khoma la kunja lokhakhala limamwa yambiri, ndipo likufuna penti yopangidwira kunja.

Za ndalama, theka ntchito isanayambe ndi lambiri kwa munthu amene sakugula zipangizo. Mupatseni kochepa koyendera, kwinako muzilipira malinga ndi pamene wafika: akamaliza kukonza makoma ndi pulaima, akapaka koyamba, ndipo gawo lomaliza mutayendera nyumba yonse masana dzuwa likuwala. Lembani papepala zipinda, kangati apaka, zitseko ndi mabagala bazi ngati zili momwemo, ndi amene atsuke madontho pa magalasi ndi matailosi. Musaine nonse awiri. Koma nanunso akamaliza gawo mumulipire tsiku lomwelo, ali ndi ana kunyumba ngati ife tomwe.

Zitsulo zimafuna pulaima wa red oxide mutachotsa dzimbiri, apo ayi dzimbirilo limabowola penti n'kutulukira. Ngati zitseko zanu ndi za mlombwa kapena mbawa, chonde musazikwirire ndi penti, matabwa amenewa ndi okongola okha. Wopentayo apake vanishi mopyapyala katatu, akukhula pang'ono asanabwereze, ndipo aonetsetse kuti wapaka ngakhale kunsi ndi pamwamba pa chitseko, chifukwa m'menemo ndi mmene chinyezi chimalowera chitseko n'kuyamba kukana kutsekeka mu Januwale. Chitseko choombedwa ndi dzuwa muzichibwereza vanishi ikangoyamba kuzilala, isanayambe kusweka. Ikasweka ndiye kuti mukhula chonse mpaka pa thabwa.

Kusamala makoma, mwezi woyamba musawatsuke, penti imakhala ikulimbabe. Pambuyo pake nsalu yofewa, madzi ofunda ndi sopo pang'ono n'zokwanira, osati sitiliwaya kapena phulusa. M'khichini, m'bafa ndi m'kolido momwe ana amayenda akugwira khoma, ikani penti yotheka kutsuka, ngakhale imakwererapo mtengo. Nkhungu yakuda ikaoneka pakona, pukutani ndi Jik wosungunula m'madzi mazenera ali otsegula, kenako mufufuze kumene madzi akuchokera, chifukwa kupaka penti pamwamba pa nkhungu n'kuibisa chabe. Kunja, mdani wamkulu ndi madzi ogwa kuchokera pamalata amene amathovukira dothi lofiira lija la ku Lilongwe pakhoma. Kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba ndi kangalande kamathandiza kwambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu amapaka mtundu wakuda kapena wofiirira m'munsi mwa khoma. Maluwa musawabzale moyandikana ndi khoma, kuthirira kwa tsiku ndi tsiku kumanyowetsa maziko.

China chimene ambiri sitichidziwa: penti zina zakale za mafuta, makamaka zachikasu ndi zofiira, zimakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana. Ngati mwagula zitseko kapena mafelemu akale ndipo azikhula, ana asakhale pafupi, ndipo fumbi lake alipukute ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa.

Ngati mukufunitsitsa kulowa Khrisimasi isanafike, lowani ndi makoma osapenta, kapena mupake m'kati mokha pulasitiki ija ikaonetsa kuti mwauma. Kunja dikirani mvula ithe, cha mu Meyi. Penti yotsala muisunge m'chidebe chotseka bwino pamthunzi, mulembe dzina la mtundu ndi chipinda chake pa chivundikiro, mudzaifuna tsiku limene bedi lidzakanda khoma polowa.