Ndikamukalipira akuti mtima ukuthamanga, ndi matenda kapena sewero?

FUNSO: Adokotala, ndili ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3. Mkangano wathu ndi wa foni basi, usiku wonse ali pa WhatsApp ndiye ndikayamba kumukalipira amangoti zii kuyang'ana pansi, manja ali njenjenje, kenako akuti "amayi mtima ukundithamanga" n'kukadzitsekera kuchipinda. Bambo ake akuti ndi mwano chabe. Zoona mwana wabwinobwino mtima ungavute chifukwa chokalipiridwa? Ndine mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, sakunama mwanayo. Munthu akangokhala phee mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa miniti, ndipo pali mtsempha wina dzina lake vagus, umachokera ku ubongo kutsika m'khosi mpaka kumtima, umenewu ndiye buleki ya mtima. Bulekiyo ikamagwira bwino mtima sugunda mofanana ayi, umafulumira pang'ono pokoka mpweya n'kubwerera potulutsa. Ofufuza amayeza zimenezi, amamata timawaya ta ECG, makina oyezera kagundidwe ka mtima, pachifuwa cha wachinyamata n'kumukhazika ndi kholo lake kuti akambirane nkhani imene amakanganirana kunyumba, ndiye mawu akangoyamba kukwera kwa ana ambiri bulekiyo imamasuka, adrenaline, michere imene thupi limatulutsa munthu akachita mantha, n'kuthamangira m'magazi, mtima thi thi thi, m'manja thukuta, kukamwa gwaa. Ana amasiyana, wina amabweza mawu pompo, wina ngati wanuyo amangouma. Woumayo musamuyese kuti mkati muli bata.

John Gottman wa ku America, amene anafufuza kwa zaka zambiri mikangano ya anthu apabanja, amati mtima ukapitirira ka 100 pa miniti mkati mokangana munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika maminitsi osachepera 20 kuti thupi litsike. Iye ankayeza akuluakulu, nanga mwana wa zaka 16 amene mbali ya ubongo yothandiza kudziletsa, ya pachipumi apa, imamaliza kukhwima munthu akafika zaka cha m'ma 25? Ndiye ulaliki wonse umene mumaupereka mutaima pakhomo la chipinda chake umangopita ndi mphepo, pepani koma ndi choncho.

Sindikunena kuti foniyo muzingomusiyira, lamulo likhalepo, kaya 9 koloko foni igone pabalaza. Koma akati mtima ukuthamanga msiyeni kaye, apume motulutsa mpweya pang'onopang'ono nthawi yaitali kuposa pokoka, zimenezi zimabwezeretsa buleki ija. Nkhaniyo muiyambenso mawa lake mukusadzula masamba awiriwiri, osati inu uku bambo ake uku onse pa mwana mmodzi. Inunso mudzigwire pamkono nthawi imeneyo muone, wanunso umakhala ukuthamanga.

Koma pali pena posafunika kudikira. Ngati mtima umathamanga ngakhale palibe wamuputa, kapena anakomokapo, chifuwa chimapweteka, amachita phuma poyenda kamtunda kochepa, miyendo ikutupa, pitani naye kuchipatala. Atsikana amsinkhu uwu magazi amachepa kawirikawiri chifukwa cha msambo ndipo zimenezo zimathamangitsa mtima, komanso kuno kwathu alipo ana amene mtima unawonongeka ndi zilonda zapakhosi zimene sizinapatsidwe mankhwala. Mukawauze amuyeze magazi ndi kumvetsera mtimawo.