Kagalu kodzikanda chaka chonse: oyilo wa galimoto ayi

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti kagalu kake ka mtundu wa Maltese katha chaka kakudzikanda, ubweya wakumsana wathothoka, ndipo anansi akuti akapake oyilo wakutha wa galimoto. Akufunsa ngati ayesere.

Mayi, chonde musayesere. Kalata yanu yandikhudza chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo ndi kagalu kanga kosakanizika ndi Jack Russell. Kankadziluma pamwamba pa mchira mpaka kutuluka magazi, usiku n'kumangomva mwendo ukugunda pansi, gu gu gu, mpaka mbandakucha. Kanasiya kusewera ndi ana. Khungu linada n'kukhakhala, m'makutu mukutuluka kafungo kowawasa. Aliyense wofika pakhomo anali ndi mankhwala ake: uyu phulusa, uyu palafini, winayo dibi ya ng'ombe. Nditapita nako kwa dokotala wa ziweto, anakapesa pamwamba pa pepala loyera lonyowa. Tinthu takuda tinagwera papepalapo, n'kusungunuka, n'kufiira. Anati ndi ndowe za utitiri, magazi a galu wanga amene utitiriwo unayamwa. Chonsecho pathupi pake sipankaoneka utitiri ngakhale umodzi! Anandifotokozera kuti agalu ena thupi lawo limadana ndi malovu a utitiri, moti kulumidwa pang'ono pokha kumawayabwa masiku ambiri. Komanso utitiri wambiri sukhala pagalu, umakhala mazira ndi timphutsi m'mphasa, m'ming'alu ya pansi, pachiguduli chomwe amagonera. Waukazi umodzi umatha kuikira mazira 50 pa tsiku.

N'chifukwa chake nkhani ya oyiloyi imandiwawa mumtima. Oyilo amapsereza khungu lomwe lili kale ndi zilonda, galu n'kumanyambita, poizoni n'kulowa m'mimba. Dibi ya ng'ombe yokhala ndi mankhwala a amitraz inapangidwira chiweto cholemera makilogalamu mazana. Kagalu ka makilogalamu 4 kamatha kufooka mpaka kufa nayo. Anthu amati galu ndi galu basi, azipola yekha. Koma galu yemweyo timafuna atiuwire usiku mbava zikabwera, ana athu amamukumbatira, ndipo mphere ya agalu imatha kuyabwitsa ndi anthu omwe m'nyumba. Ine ndikunena mosabisa: amene sakufuna kusamala galu akadwala asamuwete n'komwe.

Nthawi ya dzinja muonetsetsenso mphutsi. Ntchentche zake zimaikira mazira pamchenga wonyowa ndi mkodzo, galu akagonapo timphutsi timaboola khungu, n'kutuluka tizithupsa tokhala ndi kabowo pakati. Ambiri amazisokoneza ndi mphere, pamene ndi vuto lina.

Tsono muchite chiyani?

Pitani nako kwa dokotala wa ziweto. Ku Blantyre kuli BSPCA, ku Lilongwe LSPCA, mabungwe osamalira nyama. Akapale khungu pang'ono n'kuyeza ngati muli mphere, mafangasi kapena mabakiteriya. Akayezenso kulemera kwake, chifukwa mulingo wa mankhwala umachokera pamenepo. Yambani ndi utitiri: mankhwala akumwa a NexGard mwezi ndi mwezi, kapena Bravecto yemwe amagwira masabata 12. Onsewa amaphanso tizilombo ta mphere. Agalu onse apakhomo alandire, amphaka alandire awoawo, ndipo zogonera muzichapa ndi madzi otentha. Ngati akupatsani shampu ya chlorhexidine, thovu likhale pathupi mphindi 10 musanatsukuluze. Kuyabwa kukapitirira, dokotala angakuuzeni kuti kadye chakudya cha mtundu umodzi chomwe sikanadyepo kwa masabata 8, popanda makombo a patebulo. Zikakanikabe, pali mapiritsi a Apoquel ndi jakisoni wa Cytopoint. Prednisolone amaletsa kuyabwa msanga koma si womwa miyezi yambiri popanda dokotala, ndipo ibuprofen wathu wa anthu musakapatse ngakhale kamodzi.