Amuna anga anamwalira, kodi NAPSA ingatipatseko kanthu?

Funso: Amuna anga anamwalira chaka chino, anali dalaivala pa kampani ina muno mu Chipata ndipo pa payslip amawadula za penshoni ya NAPSA mwezi ndi mwezi. Andisiyira ana atatu, wamkulu ali ku koleji. Alamu anga akuti ndalamazo ndi za kuchimuna, ndi zoona? Mayi wa ku Kapata.

Yankho: Pepani kwambiri mayi ndi zovutazi. Alamu anuwo akulakwitsa, lamulo la NAPSA limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana, osati abale. Mwana amalandira mpaka zaka 18, koma ngati akadali pa sukulu ngati wanu wa ku kolejiyo zimafika mpaka 25, nde musaiwale kukatenga kalata ya ku sukulu, ambiri amataya ndalama pamenepa. Mwana amene analumala asanapitirire zaka 18 alibe malire a zaka.

Kuti mudzilandira penshoni ya mwezi ndi mwezi kapena ndalama za kamodzi zimadalira miyezi imene malemu anasonkha, choncho choyamba mukapemphe sitetimenti muone ngati abwana amaperekadi zonse, 5% ya malipiro a wantchito ndi 5% yawo. Ena amadula koma osatumiza, zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Palinso thandizo la maliro ngati anasonkha miyezi 12 mu miyezi 36 yomaliza, lifunseni ngakhale munaika kale.

Pitani nokha ku ofesi ya NAPSA ku Chipata konko, mutenge NRC yanu ndi ya malemu, satifiketi ya imfa, umboni wa ukwati ndi mapepala obadwira a ana. Musapatse mlamu aliyense mapepalawa.