Kwa Achemwali, za mwana woloza ndi chala

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndamvera uthenga wanu uja, woti mwana wakwanitsa miyezi 14 koma sanatulutsebe mawu omveka, amangoloza zinthu ndi chala. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kundichedwetsa.

Mtima m'malo kaye. Ine chala chimenecho ndiye chandisangalatsa. Mawa mumuonetsetse: akaloza nkhuku, kapena ndege ikamadutsa, kodi amacheuka n'kukuyang'anani kumaso? Ngati amatero, m'mutu mwakemo mwalowa kale chinthu chachikulu. Wazindikira kuti inu muli ndi maso anu ndi maganizo anu, kuti mwina simunaone chimene iye waona, ndiye akufuna muchionere limodzi. Ndegeyo sakupempha kuti mumupatse ayi. Akungofuna nonse awiri mukhale pa chinthu chimodzi. Mawu amadzamera pamenepo.

Ku Leipzig, m'dziko la Germany, gulu la Michael Tomasello, katswiri wofufuza za kakulidwe ka ana, linayesa zimenezi pa ana a miyezi 12, zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Chidole chikatulukira kuseri kwa nsalu, mwana ankaloza. Wamkulu akangoyang'ana chidolecho osalabadira mwanayo, kapena akangomumwetulira osayang'ana chidole, mwana sankakhutira, ankalozanso. Chimene chinkamufika pamtima n'choti wamkuluyo ayang'ane chidole, kenako amuyang'ane iyeyo uku akulankhulapo. Taganizani, khanda losadziwa n'komwe kunena kuti “amama”, koma likudziwa kuti silinamveke, n'kubwereza! Anyani aja a chimpanzi akaleredwa ndi anthu amaloza chakudya kuti apatsidwe, koma zolozera wina kuti angoonera limodzi, si khalidwe lawo.

Ndiye akaloza, musamangoti “eee” maso ali pa mphika. Yang'anani chimene walozacho, muchitchule: “Eya, nkhuku! Ikudya chimanga.” Kenako mumuyang'ane iye. Ngakhale ali kumsana, mukamva kakuvutavuta n'kutambasula dzanja, tembenukani muone chamukopa. Muwauzenso agogo ake ndi azikulu ake azitero.

Chimene chingandidetse nkhawa ndi ichi: akafika miyezi 18 alibe liwu ngakhale limodzi, kapena mukamuitana dzina sakucheuka, kapena wasiya zimene ankachita kale. Zikatero musadikire, mukanene kusikelo, ndipo mukapemphe amuyeze makutu, makamaka ngati anatulukapo mafinya.

Mundijambulireko kavidiyo akuloza, nkhope yake izioneka bwino. Mupereke moni kwa alamu.